Wapakaliyala sayimba belu, siyani wailesi ya galimoto yanga

Lero ndiyankhula basi, wokwiya akwiye. Mukakwera galimoto ya munthu, wailesi si yanu. Mpando tikupatsani, zenera tsegulani, mtedza tidyera limodzi, koma chala chanu chisafike pa batani lodumphira nyimbo.

Ine msewu wa M1 ndimauyenda pafupipafupi, kuchoka ku Lilongwe kuno kupita ku Blantyre kukatenga katundu wa kageni kanga. Makilomita oposa 300 amenewo, ndipo nthawi zambiri ndimakhala ndekha. Loweruka lapitali alamu anga, achimwene awo a mayi akunyumba, anapempha kuti ndiwatenge. Ndinavomera ndi mtima woyera, sindinawauze ngakhale za mafuta, chonsecho mukudziwa mmene mafuta akulumira masiku ano. Tisanadutse n'komwe pa Bunda Turn Off chala chawo chinali chitafika kale pa wailesi. Nyimbo yangoyamba kumene, gitala akadali kuchalira, woyimba sanatsegule n'komwe pakamwa, iwo dinu! Yapita. Ina yabwera, dinu! Pofika pa Nathenje ndinali nditamva mitu ya nyimbo yosawerengeka, koma nyimbo yathunthu ngakhale imodzi ayi.

Ndinati, "Alamu, tazisiyani zizilira zokha." Iwo akuti, "Ayi alamu, ndikukusakirani yabwino." Kundisakira ine? M'galimoto yanga, pa flash yanga, nyimbo zoti ndinasankha ndekha? Zonse zili mmenemo ndi zabwino, n'chifukwa chake zili mmenemo!

Flash imeneyo sinagwe kumwamba. Zina ndinakaikitsa kwa anyamata oika nyimbo aja mumsika waukulu wa Lilongwe, zina ndinazipulumutsa m'ma CD akale omwe anayamba kukalika, zina ndinapempha kwa anzanga mmodzimmodzi. Muli reggae ya ku Chileka, muli zija za ku Balaka zomwe tinakulira nazo, muli banjo ya akuluakulu akale, manganje, rumba ya ku Congo, makwaya a Mvano, komanso amapiano omwe ana anandithiramo ndisakudziwa koma pano ndinawazolowera. Zonsezo ndinaziika pa shuffle dala, kuti wailesi izisankha yokha. Ndimafuna ndisadziwe yomwe ikubwera. Kukoma kwake kuli pomwepo. Ukhoza kukhala ukukwera mapiri a Dedza m'mawa kuli nkhungu, n'kungomva kwaya yoyimba pa maliro a agogo ako yatulukira, misozi lengelenge. Isanaume misoziyo, manganje agwa, uli kugwedeza mapewa pa chiwongolero ngati wopenga. Ndani angakonze ndondomeko yotero ndi dzanja? Palibe. Ndiye munthu abwere adzidumpha nyimbo ngati akusankha tomato pa Lizulu, uyu wafewa, uyu ngwamuwisi, uyu wachepa.

Wapakaliyala sayimba belu. Mwambi umenewu sunapangidwire andale okha ayi.

Ndipo anthu simudziwa, nyimbo kwa woyendetsa si zongosangalatsa. Inu mukadutsa pa Chingeni mumagona, mutu uli khoba pazenera, kukamwa kuli yasa. Ine ndimatsala ndekha ndi msewu wa ku Phalula uja, dzuwa lili phwee, kutentha kwa kuchigwa kukulowa m'maso, mpaka kukafika pa mlatho wa Shire pa Zalewa. Chimene chimandigwira kuti tulo tisandibe n'kusadziwa kuti nyimbo ikatha iyi kubwera iti. Mutu umakhala tcheru. Nyimbo ikamalira mpaka kumapeto ndimayimba nawo, ndimapuma nayo limodzi, mwendo umakhazikika. Koma kukakhala dinu dinu dinu, mtima umakwera, maso amachoka pamsewu kupita pa wailesi, ndipo msewu umenewu si wochotsapo maso. Pa Kampepuza tsiku la msika mumakuona mmene kumakhalira, anthu, njinga za kabaza, mbuzi, ma truck opita ku Mozambique, zonse pamalo amodzi. Moyo wanu uli m'manja mwanga, inu mukusewera ndi chinthu chomwe chikundisunga maso.

Musandiuze kuti bwanji osangotsegula wailesi ya FM. Galimoto zathu zambiri ndi zochokera ku Japan, wailesi zake zimayambira pa 76 n'kuthera pa 90, pomwe nyumba zoulutsira mawu zambiri kuno zili kumtunda kwa pamenepo. Popanda kachipangizo kowonjezera kaja umangogwira ziwiri zitatu, nazonso zimasowa ukangolowa m'mapiri. Za pa intaneti ndiye musatchule. Spotify inafika kuno mu 2021, inde, koma bandulo yake ndi ndalama, ndipo netiweki ikathawa m'zigwa za ku Ntcheu umangotsala ndi phokoso la matayala. Flash siyipempha bandulo. Flash siyithawa. Chomwe chingaisokoneze ndi chala cha munthu wokwera ulere basi.

Chomwe chinandipsetsa mtima zedi chinachitika titalipira pa toll gate ya pa Kalinyeke. Kunabwera makwaya atatu motsatizana, alamu aja n'kuyamba kundiphunzitsa kuti shuffle yanga ndi yowonongeka, akuti ikanakhala yabwino sikanabwereza mtundu umodzi. Kuwonongeka kwake kuti? Mwayi ndi mmene umayendera. Ponyani ndalama m'mwamba kangapo muone ngati mbali imodzi siibwera motsatizana. Madandaulo amenewa ndi akale. A Apple anatulutsa iPod shuffle mu 2005, kanthu kopanda ngakhale sikirini, ndipo chaka chomwecho anachita kuwonjezera njira yotalikitsira nyimbo za woyimba mmodzi chifukwa anthu ankalira kuti makina akukondera. A Spotify nawonso mu 2014 anasintha kasakanizidwe kawo pa chifukwa chomwecho, kuti zizimveka ngati zamwayi pomwe mwayi weniweniwo auchepetsa. Wailesi yanga ilibe nzeru zonyengerera anthu zimenezo. Imangotola yomwe yatola. Ikakupatsa makwaya atatu, landira, mwina Mulungu akukuuza kanthu.

Ena amati vuto ndi TikTok basi, anthu makutu awo anafupika, sangapirire chinthu chopitirira theka la mphindi.

Koma zifukwazo ine sizikundikhudza. Kaya makutu anu anafupika, kaya mumadana ndi banjo, kaya mumaona ngati rumba ya mphindi khumi ndi chilango, zimenezo ndi zanu. Gulani mahedifoni, atchipa ali mbwee mumsika. Kapena gonani. Kapena yang'anani panja, muone phiri la Dedza, muwerenge matumba a makala ndi a mbatata ya kachewere m'mbali mwa msewu, muone mbali ya Mozambique ili kutsidya kwa msewu pa Tsangano Turn Off. Kapena tichezeni, ine ndichepetsa voliyumu ndekha, ndi dzanja langa. Ngati nyimbo yakunyansani zedi, kamwa muli nalo: "Alamu, iyi bwanji tiidumphe?" Ndikhoza kuvomera, ndikhoza kukana. Kupempha ndi kwina, kutambasula dzanja ndi kwina. Kunyumba kwa eni simufika n'kuvundukula mphika kuti muone ndiwo, bwanji m'galimoto ya eni mumasanduka eni ake?

Ndipo si alamu anga okha ayi, asaone ngati ndawasala. Muli ambiri. Pali ena amangolowa, lamba sanamange, ayamba kale kufunsa kuti Bluetooth yanu dzina lake ndi chiyani. Pali ena amazula flash yako osafunsa n'kubayapo chingwe chotchajira foni yawo, nyimbo n'kudukira pakati, ukaibwezera wailesi n'kuyambiranso pa nyimbo yoyamba ija, shuffle yazima, uchite kuyimitsa galimoto kuti uyikonzenso. Pali ena amatsitsa voliyumu mpaka ziro chifukwa foni yawo yaitana, n'kuyankhula kuyambira pa Linthipe mpaka pa Bembeke za ngongole ya banki m'khonde, akamaliza osakweza n'komwe.

Ndiye pali awa a mavoisi noti. Munthu wamkulu ndithu, wa ndevu zake, kutsegula mavoisi noti a pa gulu la WhatsApp la kumpingo kwawo mokweza, limodzi limodzi, ife tonse tizimva mkangano wa ndani sanasonkhe ya pepa Sande. Likatha lina, lina. Kenako kavidiyo ka munthu akuseka, kakubwereza, kakubwereza, iye nayenso akuseka, akukugwira paphewa kuti taonani alamu, taonani. Ndione bwanji ndili pa chiwongolero, kutsogolo kuli thanka ya mafuta?