Inki yachikasu ikatha, chakuda sichituluka

Chimene chimandikwiyitsa n'chakuti pulinta ya inkjet, ija yosindikiza popopera timadontho ta inki papepala, kawirikawiri imakana kusindikiza chithunzi chakuda ndi choyera inki yachikasu ikatha, ngakhale yakuda idakali yodzaza. Makinawa amapanga mtundu wotuwa posakaniza inki yachikasu, yabuluu ndi yofiirira, n'chifukwa chake nkhungu ya paphiri la Zomba imatuluka papepala itabiriwira ngati ndere. Ena amatsuka makatiriji, timabokosi tosungira inki tija, n'kuthiramo inki yakuda ya kaboni yosungunulidwa mosiyanasiyana kuti izitulutsa mtundu wotuwa popanda kusakaniza mitundu ina, ndipo zithunzi zimakongoladi pamtengo wotsika. Koma inki yotereyi sindinaipezepo m'masitolo a m'tauni muno, ndipo pulinta ikangokhala milungu ingapo osagwira ntchito timabowo take totulutsira inki timatsekeka, moti inki imene munaitanitsa kutali movutikira imathera kutsukira makina m'malo mosindikizira zithunzi.