Kufundika thunthu pakokha sikukwanira

Alembi, mwati nthochi ikangofundikidwa thunthu nthawi yozizira ndiye kuti yapulumuka. Nanga za madzi mwazisiyiranji? Kukazizira kutsika pansi pa madigiri 14 nthochi imaleka kukula ndipo simwa kwambiri. Mukamathirirabe tsiku ndi tsiku, chitsa chimawolera pansi inu osadziwa. Kuno ku Lusaka, mu Juni ndi Julayi, kamodzi pa sabata m'mawa n'kokwanira. Yalaninso pansi mozungulira nthochi udzu wouma wochindikala masentimita 15, koma usakhudze thunthu.

Anzathu a ku Chongwe ndi Chilanga, chonde musabzale kumunsi kwa dambo, chisanu chimakhazikika komweko. Masamba opserera asiyeni mpaka Ogasiti atha, amatchinjiriza mtima wa nthochi. Nthochi ya mtundu wa Dwarf Cavendish ikabereka m'chisanu mkoko umatsamwa potuluka, ya mtundu wa Williams ndiye yabwinoko.