Kuno ku America Wapolisi Amalakwa Pokhapokha Akamanga Wosewera wa Timu Yanu

Nyengo ya mpira ikayamba m'tauni ino ya ku America imene ndimakhalamo, mtima wanga umayambanso kuwawa ndi nkhani imodzimodzi, ndipo lero ndaganiza zoilemba kuti abale kumudzi ndi anzanga amene tili kunja kuno muimve bwino. Nkhani yake ndi ya mmene anthu a kuno amaweruzira apolisi pamene wosewera wa pa yunivesite wamangidwa, ndi mmene akuluakulu a sukulu amaperekera chilango kwa wosewerayo pambuyo pake.

Muyambe mwadziwa kukula kwa chinthuchi, chifukwa popanda kutero mudzaganiza kuti ndikukuza nkhani yaing'ono. Mpira wa ophunzira kuno, makamaka uja amautcha football umene amathamanga nawo m'manja, ndi malonda a ndalama zankhaninkhani. Bwalo la yunivesite ya Michigan ku Ann Arbor limalowa anthu oposa 107,000. Nick Saban, amene anali mphunzitsi wa timu ya Alabama, ankalandira madola oposa 11 miliyoni pachaka asanapume ntchito kumayambiriro kwa 2024, ndipo m'zigawo zambiri za dziko lino munthu wolandira malipiro aakulu kuposa onse ogwira ntchito za boma ndi mphunzitsi wa mpira wa pa yunivesite. Eni mahotela, eni malo omwera mowa, oyendetsa magalimoto a hayala, ngakhale apolisi amene amapeza ganyu yolondera pabwalo tsiku la masewera, onsewo amadyera pa timu. Mnyamata wa zaka 19 amene amadziwa kuponya mpira amakhala atasenza chakudya cha tauni yonse.

Tsono tamvani zimene zimachitika mnyamata wotereyu akagona m'chitokosi. Anzanga amene ndimagwira nawo ntchito, anthu omwewo amene wachinyamata wina wakuda akamenyedwa ndi apolisi amanena mosazengereza kuti akanangomvera lamulo sizikanamuchitikira, amasintha lilime tsiku lomwelo. Mumamva akuti wapolisiyo amafuna kutchuka, akuti apolisi a tauni ino amadana ndi timu, akuti mwanayo ndi wabwino ndipo aliyense analakwitsapo ali wamng'ono. Pakapita masabata awiri, wosewera wa timu imene amapikisana nayo akamangidwa pa mlandu wofanana, anthu omwewo amayamikira apolisi a kumeneko, n'kumanyoza mphunzitsi wa timuyo kuti akulera zigawenga. Ndikawamva ndimakumbuka masapota a Bullets ndi a Wanderers akamakangana za woimbira mpira, koma kusiyana kwake n'kwakuti kuno zimene akukanganirana ndi ufulu wa munthu, thupi la mtsikana amene wavulazidwa, ndipo nthawi zina moyo umene watayika. Sindinamvepo mmodzi wa iwo akufunsa kuti lamulo likuti chiyani. Amayamba afunsa kuti mnyamatayo amavala jezi ya mtundu wanji ndiponso ngati adzasewere Loweruka.

Chitsanzo chimene sichichoka m'mutu mwanga ndi cha mzinda wa Tallahassee ku Florida. Mu Disembala 2012 mtsikana wina wophunzira pa Florida State University anakadandaula kupolisi kuti wagwiriridwa, ndipo mwezi wotsatira anatchula dzina la Jameis Winston, wosewera amene timu inkamuyembekezera kwambiri. Nkhaniyo inagona m'kabati pafupifupi chaka chathunthu mpaka atolankhani anayamba kufunsa mu Novembala 2013. Loya wa boma, Willie Meggs, analengeza mu Disembala chaka chomwecho kuti umboni sunali wokwanira kuti amuzenge mlandu, ndipo patangopita masiku ochepa Winston analandira chikho cha Heisman, chimene chimaperekedwa kwa wosewera wopambana onse m'mayunivesite. Mu Januwale 2014 timu yake inatenga chikho cha dziko lonse. Winston anakana mlanduwo kuyambira pachiyambi ndipo sanaimbidwe mlandu m'khoti, choncho sindikumuweruza pano. Amene ndikuwaweruza ndi apolisi. Nyuzipepala ya New York Times itafufuza mu Epulo 2014 inapeza kuti apolisi sanatenge msanga zithunzi za makamera a pamalo omwera mowa pamene awiriwo anakumana, sanafulumire kufunsa mboni, ndiponso kuti wapolisi wofufuza nkhaniyo anagwirapo ganyu yolondera ku bungwe la anthu othandiza timuyo ndi ndalama. Kuchedwa kumeneko kunalanda mtsikanayo mwayi woti dandaulo lake liyesedwe moyenera, ndipo ngati Winston anali wosalakwa, kunamulandanso iye mwayi woti dzina lake liyeretsedwe poyera. Mu 2016 yunivesiteyo inavomera kulipira madola 950,000 kuti mlandu umene mtsikanayo anaisumira uthe. Koma masapota ambiri pa nthawiyo mkwiyo wawo sanaulozetse kwa apolisi ochedwawo. Anaulozetsa kwa mtsikanayo ndi kwa atolankhani.

Ku Monroe m'chigawo cha Louisiana, mu Meyi 2016, apolisi anamanga osewera awiri a timu ya Alabama, mmodzi wa iwo Cam Robinson, atawapeza m'galimoto mmene munali chamba ndi mfuti, ina mwa mfutizo inali yobedwa. Loya wa boma wa kumeneko, Jerry Jones, anathetsa mlanduwo ponena kuti umboni unali woperewera, zimene mwina zinali zoona. Koma anawonjezera pamaso pa atolankhani kuti sakanafuna kuwononga moyo wa anyamata amene anathera ubwana wawo akukhetsa thukuta pabwalo pamene ena tonse tinali m'nyumba zozizira bwino. Mawu amenewa anandipweteka kwambiri, osati chifukwa ndinkafuna kuti anyamatawo apite kundende, koma chifukwa ndikudziwa anyamata ambirimbiri amene amakhetsa thukuta m'mafakitale opha nkhuku, pa madenga a nyumba ndi m'makhitchini a malesitilanti, amene thukuta lawo silinawerengedwepo ndi loya aliyense wa boma. Chifundo ndi chinthu chabwino, ndipo ndikanakondwa chikanafikira mwana aliyense wa ku Monroe amene anapezeka ndi kachamba m'thumba chaka chimenecho.

Za chilango cha sukulu ndiye musachite kunena. Mphunzitsi amaima kutsogolo kwa makamera n'kunena kuti nkhaniyi aithetsa okha mkati mwa timu, ndipo palibe amene amaloledwa kufunsanso. Zimene ndaona ine zaka zonsezi n'zakuti kukula kwa chilango kumayenderana ndi mmene timu ikumufunira munthuyo. Katswiri amauzidwa kuti athamange m'masitepe a bwalo mbandakucha, kapena amaimitsidwa masewera oyamba a chaka pamene timu ikukumana ndi kasukulu kakang'ono kamene akudziwa kale kuti akagonjetsa. Wosewera wokhalira pabenchi akachita zomwezo amachotsedwa tsiku lomwelo, ndipo mphunzitsi amatamandidwa kuti ndi munthu wa mwambo. Baker Mayfield wa ku Oklahoma anamangidwa mu Febuluwale 2017 ku Fayetteville, Arkansas, ataledzera, ndipo kanema wa apolisi anamuonetsa akuyesa kuthawa mpaka anamugwetsera pakhoma. Yunivesite inamupatsa maola 35 a ntchito yothandiza anthu ndi maphunziro a za kuipa kwa mowa, sanaphonye masewera, analandira Heisman chaka chomwecho, ndipo mu 2018 anasankhidwa woyamba pa onse olowa ligi yaikulu ya NFL. Anthu anaonera kanemayo akuseka.

Ine sindinaseke, chifukwa ndinali ndikuganiza za Jonathan Ferrell. Ameneyu anasewerapo mpira womwewu pa Florida A&M University, sukulu ya anthu akuda imene ili mumzinda uja wa Tallahassee. Mu Seputembala 2013, pamene dandaulo la mtsikana uja linali chigonere m'kabati ya apolisi, Ferrell anachita ngozi ya galimoto usiku ku Charlotte, North Carolina, n'kukagogoda pakhomo la nyumba ina. Mwini nyumba anachita mantha n'kuitana apolisi, ndipo atafika, mmodzi wa iwo, Randall Kerrick, anawombera zipolopolo 12, ndipo 10 zinamulasa. Ferrell anali ndi zaka 24 ndipo analibe chida chilichonse m'manja. Wapolisiyo anazengedwa mlandu, koma mu 2015 oweruza anthu wamba analephera kugwirizana, mlanduwo sunabwerezedwenso, ndipo mzindawo unalipira banja lake madola 2.25 miliyoni. Usiku umenewo analibe jezi, panalibe gulu la anthu omuchemerera, panalibe loya wa timu woti aimbiridwe foni. Ambiri mwa osewera amene tauni zimenezi zimawateteza mwamphamvu ndi anyamata akuda ngati iyeyo, ndipo chitetezocho chimatha tsiku limene asiya kusewera. N'chifukwa chake sindikhulupirira kuti masapota amene amakalipira apolisi pa nkhani ya katswiri wawo akumenyera chilungamo. Akuteteza masewera a Loweruka.

Pali mbali ina imene anzanga ena a kuno safuna kuimva, koma iyenera kunenedwa. Khamu la anthu likhozanso kulakwa potsutsa wosewera. Mu 2006 ku Durham, North Carolina, osewera atatu a timu ya lacrosse (masewera a mpira oseweredwa ndi ndodo zokhala ndi kaukonde kunsonga) ya Duke University anaimbidwa mlandu wogwiririra, ndipo dziko lonse linawapeza olakwa khoti lisanakhale. Yunivesite inathetsa masewera a timuyo a chaka chimenecho, mphunzitsi wawo Mike Pressler anakakamizidwa kutula pansi udindo, koma mu Epulo 2007 loya wamkulu wa chigawocho, Roy Cooper, analengeza kuti anyamatawo anali osalakwa. Mike Nifong, loya wa boma amene anawazenga mlandu uku akufuna mavoti, analandidwa chiphaso cha uloya chifukwa, mwa zina, anabisa umboni wa DNA. Ku Tallahassee phokoso la anthu linachedwetsa kufufuza, ku Durham linathamangitsa mlandu wopanda maziko, ndipo konseko ogwira ntchito ya lamulo anali akuyang'ana kumene mphepo ikuwombera m'malo moyang'ana umboni.

Chimene chandichititsa kulemba lero makamaka ndi malo athu ife alendo pa nkhani yonseyi. Mayunivesite a kuno amatenga achinyamata ambiri ochokera ku Africa kuti adzathamange, adzasewere mpira wa miyendo kapena basketball, ndipo makolo kumudzi amavina akamva kuti mwana wapeza sukulu yaulere. Chimene sauzidwa n'chakuti mwanayo amakhala pa viza ya ophunzira yotchedwa F-1, imene imadalira kuti akhalebe wolembetsedwa pasukulu, pamene ndalama za sukuluyo zimadalira kuti akhalebe mu timu, ndipo m'masukulu ambiri thandizolo limaperekedwa kwa chaka chimodzi chokha, n'kumapitirizidwa monga mphunzitsi wafunira. Kuyambira mu Julaye 2021 osewera a kuno amaloledwa kupeza ndalama pogwiritsa ntchito dzina ndi chithunzi chawo potsatsa malonda, kotero katswiri akhoza kudzilipirira loya wabwino, koma malamulo a viza amatsekereza mlendo njira zambiri zopezera ndalama zimenezo.

Ndikudziwa mnyamata wina wothamanga mtunda wautali, wochokera kudziko loyandikana ndi kwathu, amene tinkapemphera naye tchalitchi chimodzi. Anamangidwa usiku wina pa mkangano wa pamalo oimika magalimoto umene sanauyambitse ndi iye. Timu inamuimitsa m'mawa mwake, mlanduwo unathetsedwa patapita miyezi ingapo chifukwa panalibe cholakwa chimene anapezeka nacho, koma pofika nthawiyo thandizo lake la sukulu linali litapatsidwa kwa wina. Ife Amalawi, anzathu a ku Zambia ndi a mayiko ena tinasonkha ndalama za loya kuchokera m'malipiro athu a ntchito zosamalira okalamba ndi zokolopa, ndipo pamapeto pake tinasonkhanso za tikiti yobwerera kwawo. Palibe sapota amene ananena kuti apolisi amafuna kutchuka. Palibe amene ananena kuti ndi mwana wabwino ndipo apatsidwe mwayi wachiwiri, chifukwa kuthamanga mtunda wautali sikudzaza bwalo.

Ndipo zinthu zafika poipa kwambiri. Mu Epulo 2025 boma linafufuta mayina a ophunzira akunja oposa 4,000 m'kaundula wake wotchedwa SEVIS, litayerekeza mayina awo ndi kaundula wa apolisi, ndipo ena mwa iwo anali ndi milandu yaing'ono ya pamsewu kapena milandu imene khoti linali litaithetsa kale. Mayinawo anabwezeretsedwa kumapeto kwa mwezi womwewo oweruza ambiri atadzudzula zimenezi, koma ena anali atanyamuka kale chifukwa cha mantha. Kwa mlendo, kungolembedwa m'buku la apolisi ndi chilango chokwanira, ngakhale woweruza atanena kuti alibe mlandu.

Sindikupempha kuti akatswiri azimangidwa mwankhanza kapena kuti apolisi aziyamikiridwa pa chilichonse chimene achita. Ndikufuna kuti yunivesite iliyonse ikhale ndi malamulo olembedwa onena zimene zimachitika wophunzira akamangidwa, kuti amene agamule asakhale mphunzitsi amene malipiro ake akudalira kupambana kwa timu, kuti wapolisi wodyera ganyu pabwalo asafufuze mlandu wa wosewera wa bwalo lomwelo, ndiponso kuti thandizo la sukulu la wophunzira lisachotsedwe khoti lisanalankhule. Ndipo inu makolo amene mwana wanu waitanidwa kudzasewera kuno, musanasaine pepala lililonse, funsani kuti thandizolo ndi la chaka chimodzi kapena la zaka zinayi, ndipo funsani kuti ndani adzamuimire ngati tsiku lina adzagona m'chitokosi.