Kalata ya komiti ya mjigo

Ku Bangula, dzuwa likuswa mtengo. Mbuya agona pa mkeka pansi pa nimu, mdzukulu wawo wa Fomu 4 ali pa foni.

MBUYA: Iwe, siya foniyo. Mlembi wa komiti ya mjigo wandilembera kalata m'Chingerezi, ngati sitimwa mjigo umodzi. Tawerenga.

MDZUKULU: Pamwamba alemba kuti "vote of no confidence".

MBUYA: Voti? Andisankhanso?

MDZUKULU: Akusankhani kuti muchoke pampando, Mbuya.

MBUYA: Ho! Pitiriza.

MDZUKULU: Mlandu woyamba ndi "nepotism".

MBUYA: Matenda amenewo ndilibe. Anga ndi BP basi.

MDZUKULU: Ndi kukondera abale. Msungichuma ndi agogo aakazi, kiyi wa mjigo amasunga amalume, ndipo amene ankalemba maina pa chimanga cha namondwe Freddy anali alamu anu.

MBUYA: Nanga ndikanaika mlendo? Awawa akaba ndimadziwa kumene amagona.

MDZUKULU: Wachiwiri ndi "conspiracy". Chiwembu. Akuti munakumana atatu usiku kuseri kwa khola.

MBUYA: Mlembiyo anabadwira ku Dedza kapena? Kuchigwa kuno ndani amagona m'nyumba mwezi wa Okutobala? Tinkapitidwa mphepo.

MDZUKULU: Koma kutacha wachiwiri wanu anachotsedwa paudindo.

MBUYA: Mphepoyo inali yamphamvu.

MDZUKULU: Kenako "divide and rule". Kugawa anthu kuti azikangana okhaokha, inu n'kumalamula mopanda wokufunsani. Anthu amene anasamuka ku Makhanga munawauza kuti eni mudzi akufuna kuwaletsa madzi. Eni mudzi munawauza kuti a ku Makhanga ndi amene anathyola mpini wa mjigo.

MBUYA: Nzeru imeneyi ili ndi dzina?

MDZUKULU: Aphunzitsi anati atsamunda ndi amene ankaikonda.

MBUYA: Ndiye andiika gulu limodzi ndi azungu? Tawerenganso pamenepo, mokweza, agogo ako amve.

MDZUKULU: Si kukuyamikirani ayi. Apa akudandaulanso za Tipp-Ex m'kaundula. K80,000 ya zipangizo inasanduka K8,000.

MBUYA: Kaziro kamodzi! Pa chisankho cha pulezidenti mu 2019 anapaka dziko lonse.

MDZUKULU: Ndipo khoti linafafaniza chisankhocho pa 3 Febuluwale 2020.

MBUYA: Kumeneko kunali oweruza asanu. Kuno woweruza ndi nyakwawa, ndipo ali ndi ngongole yanga ya pa bawo.

MDZUKULU: Akutinso musiye kusandutsa makaniko "scapegoat".

MBUYA: "Goat" ndamva, ndi mbuzi. Makaniko ndamutukwana zambiri, koma mbuzi sindinamutchulepo.

MDZUKULU: Ndi munthu amene amamusenzetsa mlandu wa ena. Zinachokera pa Levitiko 16. Aisiraeli ankaika machimo awo onse pamutu pa mbuzi, n'kuithamangitsira kuchipululu.

MBUYA: (akudzuka) Zili m'Baibulo? Mbuzi imaloledwa kusenza mlandu?

MDZUKULU: Kalelo, Mbuya.

MBUYA: Tenga cholembera. Uwauze kuti malisiti onse inadya ndi mbuzi yanga yamawanga ija. Makaniko ndamukhululukira.

AGOGO: (ali kukhitchini) Yamawanga tinadya pa Khirisimasi!

MBUYA: Bwino kwambiri. Lemba kuti wolakwa analandira kale chilango.

MDZUKULU: Sizithandiza. Asainira kale, ndipo 50+1 yakwana.

MBUYA: Chabwino. Kutsidya kwa msewu akukumba mjigo wina, komiti sinasankhidwe. Mawa ndili kumeneko.

MDZUKULU: Kumeneko ndiye "crossing the floor". Ku Nyumba ya Malamulo kuli Section 65. Phungu akasiya chipani chimene anapambanira n'kulowa china, Sipikala amayenera kulengeza kuti mpando wake ulibe munthu.

MBUYA: Amayenera! Bingu atachoka mu UDF mu 2005, aphungu anakhamukira ku DPP ngati ng'ombe za ku Ngabu zaona madzi. Ndale usandiphunzitse ine wa kwawo kwa Gwanda Chakuamba. Mbuya uja anatsogolera MCP, anayambitsa Republican Party, mu 2004 anaimira Mgwirizano, posakhalitsa tinamva kuti ndi nduna ya Bingu. Kwathu kuno Shire akasintha njira, dimba limatsatira.

MDZUKULU: Koma Mbuya, pansi pa kalatayi pali chidindo cha chala. Pafupi pake alemba kuti wapampando watsopano.

MBUYA: Ndani mfiti imeneyo? Makaniko eti?

AGOGO: (akutuluka, mthiko uli m'manja) Chala chimenecho ndi changa.

MBUYA: Mayi! Inu amene ndinakupatsani udindo ndi manja anga?

AGOGO: Nepotism yomweyo, bambo. Inu kuseri kwa khola usiku, ife pa mjigo m'mawa. Mumayesa timakamba za ndowa zokha?

MBUYA: Ndikatenga injakishoni!

AGOGO: Kwa nyakwawa? Ndi amene anatibwereka inki.

MBUYA: (akukhalanso pa mkeka) Basi, tikambirana ngati banja. Ndipatseni kaye nsima, ndalefuka.

AGOGO: Munthu wandale kupereka chakudya kwa wovota? Amati "handouts", ndipo lamulo la zipani la 2018 linaletsa. Iwe mwana, bwera udye. Mbuya akowo ali ku opozishoni.