Mwagula wailesi, nanga khutu mukagula kuti?

Ndakwiya ine abale, ndipo lero ndilankhula zakukhosi, wofuna kunyansidwa anyansidwe basi.

Loweruka lapitali tinakumana kwa agogo ena ku Highfield kuno ku Harare, ife tomwe timaseweretsa wailesi za ham tija, zimene anthu wamba timalankhulirana pa mphepo, anthu oti sitingadzaze n'komwe kombi imodzi. Agogowa makolo awo anachokera ku Dedza kudzalima fodya m'mafamu nthawi ya atsamunda, iwo anabadwira konkuno, ali mnyamata anagwirako ntchito yotumiza matelegalamu, ndipo mpaka lero akangokhudza kiyi yotumizira Morse, zilembo za madontho ndi mizere zija, zala zimayenda zokha. Siteshoni yawo mutaiona mutha kuseka, kawailesi kakale ka mawati 5, batire ya galimoto pansi pa tebulo, waya wochokera pa mtengo wa mapeyala kukamangidwa pa denga la bafa, kope la sukulu ndi pensulo yosongola ndi lezala. Ndiye kunatulukira mnyamata wina wongolowa kumene mu zimenezi, wanyamula Icom IC-7300 yatsopano ili m'katoni mwake, chinthu cha madola opitirira 1000, pulasitiki wa pa sikirini sanamatule n'komwe. Agogo amulandira bwino, tiyi amupatsa, buledi amupatsa. Iye poona kiyi ija anangoti kikiki, amvekere "agogo, zoti ti-ti-taa izi zinatha kalekale, foni yangayi imawerenga yokha." M'nyumba mwa eni ake! Tiyi wa eni ake ali m'manja!

Ndiye anaikadi foniyo pa sipika. Kunja mitambo inali itayamba kuda, pa bandi ya 40 mita, gawo la mafrikwensi limene timachezerapo, panali phokoso la mphenzi lokhalokha, lija timati QRN, thetheee ngati palibe munthu. Pulogalamu ya pa foni ija inangoyamba kulemba E E T E T T E, chifukwa E ndi kadontho kamodzi, T ndi kamzere kamodzi, ndiye kalikonse kothetheka iyo imati ndi chilembo. Agogo ali phee, maso atseka, mutu apendeka, pensulo ikuyenda. Analemba kolosaini, dzina la siteshoni pa mphepo, yoyamba ndi ZS, munthu wa ku Joni, analemba dzina lake, tauni yake, lipoti la 449 la mmene sigino ikumvekera limene anawapatsa, kenako anagwira kiyi n'kumuyankha, anacheza mpaka kutsanzikana ndi 73. Ife ena tinkangomva tizidutswa. Mnyamata uja sanamve olo chilembo chimodzi.

Mukudziwa chimene ananena? Sanati agogo ndiphunzitseni. Akuti "vuto ndi mawati apa, ine ndikuitanitsa amplifaya." Apa ndi pomwe magazi anga anawira.

Amplifaya aise? Amplifaya imakweza mawu ako kuti akumve kutali, siimakupatsa khutu. Munthu amene sukumumva sungacheze naye olo utaika mawati 1000, olo utayatsa Kariba yense kuseri kwa nyumba yako. Udzangokhala ngati kondakitala wa kombi amene amakuwa "tauni tauni" mpaka mawu kusasa koma mayi akumbuyo akamati ndikutsika sakumva. Chida choyamba pa siteshoni ndi khutu. Chachiwiri waya. Bokosi lowala lija limabwera pambuyo penipeni. Ndanena kale izi ndipo ndinenanso mpaka muzitopa nane, khutu kaye, ndalama pambuyo.

Ndikudziwa zimene mundiyankhe chifukwa mumayankha zomwezomwezo. Muti sitima za pa nyanja zinasiya Morse mu 1999 pomwe GMDSS, njira yatsopano yoitanira thandizo pa ngozi, inalowa m'malo. Zoona. Muti mu 2003 ku msonkhano wa ITU, bungwe la dziko lonse loona za mauthenga, ku Geneva anachotsa lamulo loti munthu akhoze mayeso a Morse asanaloledwe pa HF, mafrikwensi ofika kutali aja, ndipo America inachotsa mayesowo mu 2007. Zoonanso, sindikutsutsa. Koma anachotsa mayeso, sanachotse anthu. Tatsegulani wailesi yodulayo kumapeto kwa Novembala pa mpikisano wa CQ World Wide wa CW, ndiye kuti Morse ya pa wailesi, mupite kumunsi kwa bandi ya 20 mita kuyambira 14.000 MHz, muone ngati mupeze pokhazika phazi. Masiteshoni kuthithikana, Japan, Germany, Brazil, Russia, onse ti-ti-taa usiku ndi usana. Chinthu chakufa chimachita phokoso chotero? Chinayamba ndi Samuel Morse ndi Alfred Vail, uthenga wa mu 1844 kuchokera Washington kupita Baltimore, chapirira zaka zoposa 180, ndiye chife chifukwa iwe wagula foni?

Zonsezi ndi mavidiyo a pa YouTube a azungu a nsanja zazitali ndi mashelefu odzaza mawailesi, basi ana athu kutengeka. Koma izo zisiyeni.

Nkhani ndi yoti CW imadutsa pomwe mawu sadutsa, ndipo si matsenga. Mukamalankhula ndi pakamwa, pa njira ija timati SSB, mawu anu amafuna malo pafupifupi mahetsi 2400, ndipo phokoso lonse lili m'malo amenewo limalowa nawo m'khutu. Pa CW mumatseka filita kufika 500, ena 250, phokoso lambiri limatsala panja, kamluzu kamodzi kokha n'kumalowa. N'chifukwa chake agogo ndi mawati 5 amafika komwe iwe ndi mawati 100 ukungoti "again again" osamvana ndi munthu. Koma filita imangochepetsa phokoso, amene amatola kamluzuko m'kati mwa zotsalazo ndi munthu, ndi khutu lozolowera, limene limadziwa kuti apa chasowa ndi R chifukwa mawu ake ndi akutiakuti. Zimenezo sizibwera m'katoni. Mutha kusaka m'mashopu onse a m'tauni, khutu simukalipeza pa shelefu.

Komanso tikukhala ku Harare ife, tisamadzinamize. Magetsi amapita mbandakucha kubwera anthu atagona. IC-7300 ija ikamatumiza pa mawati 100 imakoka ma amp oposa 20 pa mavolti 13.8, taiikani pa kabatire ka 7Ah kaja ka pa geti muone ngati mumalize n'komwe kupereka moni. Kawailesi ka QRP, ka mawati ochepa ngati ka agogo kaja, pa CW kamatha madzulo onse pa batire yomweyo, kutacha kasola kakang'ono kabwezeretsa. Ndiye ndani ali ndi siteshoni apa, wa bokosi lokongola lozima kapena wa kope ndi pensulo amene ali pa mphepo?

Chimene chimandipweteka kwambiri n'choti kuphunzira kwake sikulira olo senti. Anthu amati n'zovuta chifukwa amayamba molakwika, amasindikiza chipepala cha madontho ndi mizere n'kumaloweza ndi maso, A kadontho kamzere, B kamzere timadontho titatu, kenako pa wailesi ayamba kuwerenga madontho m'mutu, akamafika chilembo chachitatu mnzawo ali kale pa chakhumi. Tayani chipepalacho. Morse ndi ya khutu, chilembo chilichonse chili ndi kaimbidwe kake, CQ, yoitanira aliyense amene akumva, simuiwerenga, mumangoimva, taa-ti-taa-ti taa-taa-ti-taa, ngati mmene mumazindikirira kuti akukuitanani dzina. Njira ya Koch ndiyo yabwino, mumayamba ndi zilembo ziwiri zokha, K ndi M, pa liwiro lenileni, mwina mawu 20 pa mphindi, mukamakhoza 90 pa 100 alionse muwonjezera chilembo china. Ngati zikukuthamangirani musachedwetse chilembocho, talikitsani mpata pakati pa zilembo, ndiyo ija amati Farnsworth. Mphindi 15 pa tsiku, tsiku lililonse, osati maola atatu Lamulungu lokha. Mphindi 15 mulibe? Mumakhala nthawi yaitali bwanji pa Copacabana kudikira kombi idzaze, mahedifoni ali m'khutu mukuonera anthu akuvina pa TikTok? Nthawi ilipo, chimene chikusowa ndi kudzichepetsa.

Ndipo musaope kuti akusekani pa mphepo. Mukatumiza QRS, kutanthauza chepetsani liwiro, anthu ambiri a CW amachepetsadi, chifukwa aliyense anayambira pomwepo. Komanso ife tili ndi mwayi umene mwana wa ku Germany alibe, kolosaini yathu imayamba ndi Z2, ya kumudzi 7Q, ndipo masiteshoni athu ndi ochepa moti ukangoti CQ de Z2 pa 20 mita madzulo anthu a ku Ulaya amakuunjikira ngati ukugawa ufa. Amakudikira olo ukulakwitsa, olo dzanja likunjenjemera. Koma ukuyenera kuwamva. Aitana khumi nthawi imodzi, iwe utolepo mmodzi, zilembo zake zonse bwinobwino. Foni ija ikulembera E E T basi.

Za waya nazonso tinene, poti mnyamata uja titamufunsa kuti antena yako ndi yotani anati ayiganizira pambuyo. Pambuyo! Madola 1000 pa wailesi, ziro pa antena. Dipole ya 40 mita ndi waya wa mamita pafupifupi 20, mbali iyi 10 mbali iyo 10, koakisi, chingwe chopita ku wailesi, pakati, RG-58 ikwana ngati mtunda si wautali, mudule pang'onopang'ono kunsonga uku mukuyang'ana SWR, muyeso wa mphamvu yobwerera ku wailesi, mpaka itsike. Waya wake mukaupeza ku Siyaso ndi ndalama ya sadza, zotchingira kunsonga mudula tizidutswa ta paipi ya PVC. Ndipo musadandaule kuti mulibe nsanja, antena yotsika, mamita 5 kapena 6 kuchokera pansi, imaponya sigino m'mwamba, imakagunda ionosphere n'kugwera madera otizungulira, Blantyre amene ali pa mtunda wosakwana makilomita 500 mukawongola, Lilongwe, Tete, Chipata, komwe kuli abale athu. Kungoti nyengo ya mvula ino mukamaliza muzizula koakisi ku wailesi n'kuiponya panja, mphenzi za kuno sizicheza.

Enanu mwagula ka Baofeng UV-5R ka madola 30 m'tauni ndiye mukudzitcha a wailesi, kufunsa kuti kafika ku Malawi? Sikafika. Ndi ka VHF ndi UHF, kamayenda pomwe diso likuona, kuseri kwa kaphiri ka Kopje kayamba kale kutsamwa. Ndipo olo kameneko kamafuna laisensi, kuno POTRAZ, kumudzi MACRA, musamangokanikiza batani pa mafrikwensi a eni ake.

Mwaiwala msanga anthu inu. Januwale 2019 intaneti inatsekedwa dziko lonse lino, WhatsApp zii. Malichi chaka chomwecho Idai inagwetsa mapiri ku Chimanimani, misewu kuduka, mafoni kuzima. Malichi 2023 Freddy inakokolola Chilobwe ndi madera ena a kumwera kwa Malawi, ife kuno tili kakasi kuimba mafoni osalowa, osadziwa ngati azakhali ali moyo. Tsiku ngati limenelo chimene chimagwira ntchito ndi batire, waya pa mtengo, ndi munthu wodziwa kumva sigino yofooka m'kati mwa phokoso. Munthu ameneyo sapangidwa tsiku la chimphepo. Amapangidwa lero, mphindi 15 mphindi 15, pafupi ndi mkulu amene akudziwa.

Ndipo akuluwo atsala angati? Amene anagwira kiyi pa ntchito, ku positi, ku njanji, ku usilikali, akutha mmodzimmodzi, tikuwaperekeza ku manda ndi luso lawo m'zala. Agogo a ku Highfield aja akanakuphunzitsa ulere, akanakukhazika pa mpando wawo, kukugwira dzanja kukuonetsa kuti kiyi sumenya ndi chala, umayendetsa ndi mkono wonse mofewa, kuti kamzere ndi timadontho titatu kutalika kwake osati mmene wafunira iwe. Iwe m'malo mofunsa waseka. Safunsa anadya phula, ine ndathera pomwepo.

Ndisanaiwale, inu a ma inveta otchipa. Inde inu aneba. Dzuwa likangolowa magetsi kulibe, mzere wonse wayatsa ma inveta opanda dzina aja, matchaja a foni a dola imodzi, mababu a LED a pa msewu, ndiye pa 40 mita choyezera mphamvu ya sigino changa chimakwera kufika S9 phokoso lokhalokha, bzzzz kuyambira 7.000 mpaka kumapeto, olo agogo amene sangatolepo kanthu pamenepo. Zinthu zimenezi amazipanga opanda zosefera phokoso kuti zitchipe, mawaya a sola a pa denga aja n'kusanduka antena yofalitsa zinyalala dera lonse. Ndinapita kwa bambo a nyumba yoyandikana nafe mwaulemu wonse, ndinati bambo, ndiloleni ndiike timphete ta ferrite pa mawaya anuwa, ndigula ndekha, simulipira kanthu, magetsi anu sasintha. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako anaitana akazi awo kuti adzamve, akuti ndikufuna kuwakokera magetsi a sola kudzera mu waya wanga wa pa mtengo uja.