Guluu wa ku hardware mu pianola? Ayi abale

Lero ndiye ndapsa mtima ndipo sindibisa. Pa workshop yomwe ndimagwira ntchito kuno ku Leeds atibweretsera pianola, piyano ija yoimba yokha ukaika mpukutu wa pepala lobowolabowola nkumaponda ma pedulo, mwini wake akuti ndinangoyesako pang'ono ndekha koma ikungotaya mpweya. Titatsegula mkati mayo ine! Guluu woyera uja wa akalipentala mbali zonse, pena epoxy, pena mpaka silikoni wa ku bafa. Chinthu cha m'ma 1920 munthu nkuchimata ndi silikoni wa ku bafa, zoona?

Anthuni mvetsani, guluu wa mu pianola amayenera kukhala woti mawa munthu wina adzathe kumatula. Nkhani yonse ndi yomweyo. Mkatimo muli timivukuto toposa 80, pafupifupi kiyi iliyonse ili ndi kake, timatabwa tiwiri tokutidwa ndi kansalu ka labala, ndiye bowo la pa pepala likadutsa pa tracker bar, kachitsulo ka mabowo komwe pepalalo limayendapo, kamvukuto kamatsekeka nkukankha hamala kukamenya waya. Kansaluko sikamuyaya, pakapita zaka kamauma nkumang'aluka, timikopa ta ma valve otsegula ndi kutseka mpweya natonso timatha. Amene ankapanga zinthuzi ku Aeolian ndi makampani anzawo ankadziwa bwinobwino kuti tsiku lina wina adzatsegula, nchifukwa chake ankamata ndi guluu wa zikopa za nyama, uja amabwera ngati timibulu, umaviika m'madzi kenako nkutenthetsa mu kapoto mpaka madigiri 60. Amanunkha inde, amafuna changu inde chifukwa akazizira basi wagwira, koma akauma amauma gwa ndipo pomatula umangogogoda pang'ono kamvukuto nkuchoka, kapena kuika kansalu konyowa ndi simbi yotentha, thabwa nkutsala mbee. Guluu watsopano wa mtundu womwewo amagwirana ndi wakale uja popanda vuto.

Nanga woyerayu? Amalowa mu thabwa, ndiye pochotsa kamvukuto kamachoka ndi nyama ya thabwa, chimatsala ndi mabala okhaokha ndipo guluu wa zikopa sangagwirenso pamenepo mpaka utapala zonse. Epoxy ndiye musanene nkomwe, pamenepo nkungopala thabwa latsopano. Madala amene ndimagwira nawo, munthu wosayankhulayankhula, anangovula magalasi nkupukusa mutu nkupita kukathira tiyi. Ntchito yoti ikanakhala yosintha nsalu basi tsopano yasanduka yosema timatabwa kamodzikamodzi, ndipo mtengo tikamuuza mwini wakeyo adzati tikumubera. Safunsa anadya phula!

Ena muziti ndikunyoza anthu okonza okha kunyumba chifukwa ndikufuna makasitomala, ayi. Alipo ma amateur amene ntchito yawo ukaiona umavula chipewa, ndipo aliponso ena odzitcha akatswiri olipiritsa ndalama zambiri koma mkati anapaka contact glue kuti amalize msanga. Ine vuto langa si setifiketi, vuto ndi kumata chinthu ngati iwe ndiwe womaliza kuchigwira. Kaya ndi kuthawa mtengo kaya ndi timavidiyo ta pa intaneti, zimenezo nzanu. Piyano imeneyi yadutsa m'manja ambiri, inapulumuka pomwe wailesi ndi mavuto a chuma a 1929 anapha msika wake, inapulumuka nkhondo, chinyezi cha m'magalaja a kuno osanena, nkudzaphedwa ndi kabotolo ka guluu Loweruka masana. Ngati mulibe kapoto kotenthetsera isiyeni momwemo, yosakonza ndi yabwino kuposa yomata ndi epoxy. Yosakonza timaikonza. Yomatayi timayamba kaye talira.

Ndipo pamene ndayamba kale, inu amene mumamata mipukutu yong'ambika ndi selotepi mundimvenso. M'bokosi lomwe linabwera ndi piyanoyi mipukutu yambiri ili ndi selotepi yachikasu yomwe inauma nkumatuka koma manata ake anatsalira pa pepala, pepala lamatana lokhalokha moti ukamatambasula likungong'ambika, mabowo ena atsekeka nyimbo ikudumpha manoti. Tepi ya pepala yokonzera mabuku akale ilipo yosadula nkomwe koma ayi, munthu angotola ya mu drowa ya ku khitchini.