Whyte sanatulukire mkungudza, komabe ntchito yake musaiseke

Wina akangolemba kuti mkungudza wa pa Mulanje anautulukira ndi Alexander Whyte, anthu amalusa. Amafunsa kuti kodi eni dera okhala m'tsinde mwa phirilo anali akhungu? Funsolo n'lomveka. Mtengo unalipo, anthu ankaudziwa, fungo lake lomwe. Koma ena amapitirira mpaka kunena kuti ntchito yonse ya azungu otola masamba, nsomba ndi mbalame aja inali yachabe, kungolemba maina awo pa zinthu za eni ake. Pamenepo ndiye ine ndimapatuka.

Whyte anali wa ku Scotland, ndipo Harry Johnston, mkulu wa boma la atsamunda, anamulemba ntchito ku Zomba yoyang'anira za zomera ndi nyama. Mu 1891 anakwera Mulanje, n'kuthyola nthambi, kuziumika pakati pa mapepala, kulemba malo amene wazipeza, n'kuzitumiza ku London. Kumeneko katswiri wa zomera Alfred Rendle anaziika pafupi ndi nthambi zochokera kumaiko ena, ndipo mu 1894 anautcha mtengowo Widdringtonia whytei. Kuyerekeza kotereku ndi kumene kunadzasonyeza patsogolo pake kuti abale a mtengowu ali kummwera kwa Africa, koma weniweniwo umamera wokha pa Mulanje basi. Munthu wa ku Likhubula akanaudziwa mtengowo kuposa Whyte, koma zoti padziko lonse kulibenso kwina sakanazidziwa atakhala pamudzi. Mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, amatero akuluakulu. Ndiye pamene owerenga mitengo anakwera phirilo mu 2017 n'kupeza ikuluikulu 7 yokha, tinadziwa kuti tikutaya chinthu chimene sitingakapemphe kwa aneba.

Kunyanja nkhani yake ndi yokoma kwambiri. John Kirk, dokotala amene ankayenda ndi Livingstone, anatola nsomba mu 1861, kuzisenda n'kuumika zikopa zake, ndipo katswiri wa nsomba Albert Günther anazifotokoza mu 1864. Kenako kunabwera mayi wina, Ethelwynn Trewavas, amene mu 1935 anasanja mitundu yoposa 170 ya gulu la chambo, mbuna ndi utaka ali ku London, akungoyang'ana nsomba za m'mabotolo, kuwerenga mamba ndi mano. Nyanjayo anadzaiona ndi maso mu 1939. Taganizani kuleza mtima kwake. Ine kuwerenga mamba a chambo chimodzi chokha ndingasiyire panjira n'kukachikazinga.

Mu 1945 kunafika mtsikana wina, Rosemary Lowe, amene anakhala m'mabwato kummwera kwa nyanja akuyeza chambo, kuchitumbula, kulemba miyezi imene mtundu uliwonse umaswana ndi malo ake. Asodzi ankasiyanitsa kale mitundu ya chambo monga saka ndi lidole, ndipo maina amenewo analowa m'mabuku a sayansi momwemo. Chimene mayiyu anawonjezera ndi kulemba tsiku, malo ndi kukula kwa nsomba iliyonse. Lero lidole sakuonekanso m'makoka, moti akatswiri akuopa kuti anatheratu. Agogo angakuuzeni kuti kale chambo chinali mbwee, ndipo sakunama, koma amene akufuna kutsekera nyanja miyezi yoswana amafuna manambala, ndipo manambala akalewo ali m'makope a anthu ngati Lowe.

Tsono dandaulo langa lenileni lili pena. Ndani ankanyamula mapepala a Whyte pokwera phiri? Ndani ankapalasa bwato la Lowe, kumuuza kuti nsomba iyi imakonda pamchenga, iyo pamiyala? Ambiri maina awo sanalembedwe. Pa zomera ndi nsomba zathu pali Kirk, Whyte, Buchanan, Rendall, Johnston, koma anthu amene ankawalozera njira anangotchedwa "anyamata", ena a iwo ali ndi imvi kale.

Mmodzi yekha amene ndimafuna kuti ana athu amumve kusukulu ndi a Jali Makawa. Anabadwira ku Mozambique, anakulira ku Nyasaland, ndipo anayamba ngati wantchito wa pakhomo kwa C. W. Benson, bwana DC amene anafika kuno mu 1932 ndipo ankakonda mbalame koopsa. A Makawa anali ndi khutu lachilendo. Ankazindikira mbalame ndi kulira kwake, kuitsanzira mpaka iyandikire, kuigwira n'kukonza chikopa chake bwinobwino kuti chisungike. Benson anayenda nawo ku Northern Rhodesia (Zambia ya lero), mpaka ku zilumba za Comoro mu 1958. Mabuku a mbalame za Malawi ndi Zambia amene alendo amanyamula lero atsamira kwambiri pa zimene maso ndi makutu a bambo ameneyu anapeza, koma pachikuto simuwapeza.

Kodi tifafanize maina a azunguwo? Ine sindikuona phindu lake. Dzina likasinthidwa, lidole sabwerera. Chondiwawa n'choti mwayi wolemba tili nawo tsopano koma sitilemba. Ku Zomba kuli National Herbarium and Botanic Gardens, kumene masamba ouma a zomera za dziko lino amasungidwa, koma ndi angati mwa ife anapondako, ngakhale okhala ku Chinamwali komweko? Timajambula njoka kapena kadzidzi pafoni n'kuponya pa Facebook kuti "ichi n'chiyani?", popanda tsiku, popanda mudzi, ndipo mayankho ake amangokhala a ufiti. Asing'anga ndi asodzi okalamba akupita ndi nzeru zawo, ife tili duu.

Kunena zoona, Benson sanawaiwale kotheratu a Makawa. Mu 1964, m'nkhalango yowirira ya kumpoto chakumadzulo kwa Zambia, a Makawa anagwira kambalame kakang'ono ka chifuwa choyera kamene sikanafanane ndi kena kalikonse kodziwika. Benson ndi mnzake Michael Irwin anakatcha Pogoniulus makawai mu 1965. Anthu apita kunkhalangoko kukakafuna, koma kachiwiri sikanapezeke mpaka lero. Akatswiri ena amati ndi mtundu pawokha, ena amati ndi kambalame kodziwika kale kamene kanangobadwa ndi nthenga zachilendo. Onsewo akafuna kutsutsana amakatsegula kabati ya m'nyumba yosungiramo zikopa za mbalame ku Tring, ku England, kumene kuli chikopa chimene a Makawa anabweretsa.